Kodi Usiku wa M'filimu Yoopsa Unali wa Mtundu Wanji?

Nkhani ya m'filimu ya Halloween, yomwe John Carpenter anatulutsa mu 1978, imachitika kumapeto kwa Okutobala m'tauni yopeka ya Haddonfield ku Illinois, nyengo imene masamba a mitengo amafiira n'kumayoyoka. Koma filimuyo anaijambulira ku South Pasadena ku California m'mwezi wa Meyi, mitengo ili yobiriwira. Ndalama zinali zochepa, moti ogwira ntchito ankapaka masamba utoto, kuwamwaza mumsewu, kenako n'kuwatolera m'matumba kuti akawamwazenso pojambula chigawo china. Mitengo yokha sakanatha kuipaka. Ntchito yobisa kubiriwira kwake inatsalira anthu okonza mitundu, ndipo aliyense wa iwo waichita mosiyana ndi mnzake.

DVD imene kampani ya Anchor Bay inatulutsa mu 1999, yovomerezedwa ndi Dean Cundey yemwe anali mkulu wojambula filimuyo, inali ndi masana ofiirira ndi usiku wa buluu wolimba. Ya mu 2003 inabweza kubiriwira kwa mitengo n'kuchepetsa buluu uja, ndipo okonda filimuyi anakwiya. Mu 2013 panatuluka Blu-ray ina imene Cundey yemweyo anayang'anira, koma sinafanane ndi ya 1999: masana ake anali otuwa ndi ozizira. Munthu mmodzi, siginecha imodzi, maonekedwe awiri.

Funso lake ndi lotani

Pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza akamakangana za zimbale za mafilimu akale. Loyamba ndi la kulondola: kodi mitundu ya pa chimbale ikufanana ndi imene anthu anaona m'nyumba zoonetsera kanema filimuyo itangotuluka? Lachiwiri ndi la chilungamo: ngati sikufanana, kodi wogula wauzidwa kuti chasintha n'chiyani, wasintha ndani, ndipo chifukwa chiyani?

Funso loyamba ndi lovuta kwambiri, ndipo kawirikawiri lilibe yankho limodzi. Lachiwiri ndi losavuta, koma ndi limene makampani ambiri amalizemba.

Mafilimu oopsa amakhudzidwa ndi nkhaniyi kuposa ena chifukwa mantha ake amadalira zimene woonera sakuloledwa kuona. Mu Halloween, nkhope yoyera ya wakupha Michael Myers imayenera kutuluka pang'onopang'ono mumdima kumbuyo kwa Jamie Lee Curtis. Mukawalitsa chithunzicho pang'ono chabe, nkhopeyo imaoneka isanafike nthawi yake. Mukachidetsa kwambiri, siioneka n'komwe. Magazi opangidwa, mphira wa kumaso ndi ulusi wokokera zidole zinakonzedwa poganizira kuti kope la m'holo lidzabisa zina mwa izo.

Negativu si filimu yomalizidwa

Makampani amakonda kulemba pachikuto kuti chithunzi chatengedwa ku negativu yoyambirira ya mukamera. Mawuwa amanena zoona pa nkhani ya kuthwa kwa chithunzi, koma pa nkhani ya mitundu sanena kanthu. Negativu ya filimu ya mitundu imakhala yofiirira ngati lalanje, mitundu yake ili yotembenuzika, ndipo chigawo chilichonse chimasiyana ndi chinzake malinga ndi dzuwa kapena magetsi a tsiku lojambula. Palibe munthu amene anaonerapo filimu ili m'maonekedwe amenewo.

Mitundu inkasankhidwa mu labotale. Katswiri wokonza mitundu ankakhala ndi mkulu wojambula n'kumagwirizana mphamvu ya kuwala kwa mitundu itatu, kofiira, kwa girini ndi kwa buluu, komwe kankadutsa pa negativu posindikiza kope. Mphamvuyo inkayezedwa pa sikelo yofika pa 50, ndipo 25 anali pakati. Chigawo chilichonse chinali ndi manambala ake atatu. Ankasindikiza kope loyeserera, kuliona, kusintha manambala, n'kusindikizanso, mpaka eni filimu atavomereza. Kuchokera pa manambala ovomerezedwawo ankapanga makope apakati, ndipo kuchokera pa amenewo ankasindikiza mazana a makope opita m'maholo.

Choncho zigawo zina za usiku, zomwe zinajambulidwa masana dzuwa likuswa mtengo, zimaonekabe masana pa negativu. Mdima wake unali m'manambala a mu labotale. Manambalawo akatayika, wokonza wa lero ayenera kupeza umboni wina, apo ayi angolota.

Umboni womwe umasuluka

Umboni wachidziwikire ndi kope lakale la m'holo. Vuto ndi lakuti makope ambiri anasuluka. Kuyambira 1950, pamene Kodak inatulutsa Eastmancolor, mafilimu ambiri ankasindikizidwa pa riboni yokhala ndi magawo atatu a utoto: wachikasu, wa magenta womwe ndi wofiirira ngati pinki, ndi wa cyan womwe uli pakati pa buluu ndi girini. Monga chitenje chokhalitsa padzuwa, mitunduyi siisuluka nthawi imodzi. Cyan ndi chikasu zimatsogola, magenta n'kutsala, ndipo kope la m'ma 1960 kapena 1970 lero limangooneka la pinki. Wopanga mafilimu Martin Scorsese anayamba kudandaula poyera za vutoli mu 1980, ndipo riboni yosasuluka msanga inafala m'maholo kuyambira cha mu 1982. Mafilimu ochuluka oopsa amene anthu amawakonda anatuluka nthawi imeneyi isanafike.

Negativu nayonso imasuluka. Filimu ya kampani ya Hammer ya The Curse of Frankenstein ya 1957 inakhala zaka zambiri ikuoneka yofooka pa zimbale, mpaka Warner Archive itaikonzanso mu 2020 pogwiritsa ntchito makope atatu osungira, akuda ndi oyera, lililonse lolemba mtundu umodzi. Makope otere alibe utoto woti usuluke, koma amafota mosiyana, ndipo kuwalumikizanso kuti agwirizane ndi ntchito yaikulu.

Makope a Technicolor, amene utoto wake unkadindidwa pa riboni ngati mmene amadindira buku, ndiwo amasunga mitundu bwino. Komabe nawonso sankatuluka ofanana ndendende. Kope lodindidwa ku London linkatha kusiyana ndi la ku Hollywood, ndipo nyale ya pulojekita inali ndi mbali yake: nyale zakale za carbon arc zinkawala mosiyana ndi za xenon zomwe zinazilowa m'malo. Anthu awiri oonera filimu imodzi sabata imodzi m'mizinda iwiri sankaona chinthu chimodzimodzi.

Mkangano unayamba kale

Kusokonekera kwa mitundu sikunayambe ndi kompyuta. Nosferatu ya F. W. Murnau ya 1922 anthu ambiri amaiyesa filimu yakuda ndi yoyera, koma makope ake oyambirira ankaviikidwa mu utoto: wa buluu posonyeza usiku, wachikasu posonyeza masana kapena kuwala kwa nyale, wa pinki posonyeza mbandakucha. Khoti la ku Germany litalamula mu 1925 kuti makope ake awonongedwe, potsatira dandaulo la mkazi wamasiye wa Bram Stoker, mlembi wa buku la Dracula, ochepa okha anapulumuka, ndipo amene anafala pambuyo pake analibe utoto. Zotsatira zake zinali zoseketsa: Count Orlok, woyamwa magazi amene amafa ndi kuwala kwa dzuwa, ankaoneka akuyenda mumzinda atanyamula bokosi lake la maliro masanasana. Luciano Berriatúa pokonzanso filimuyi cha mu 2005 ndi 2006, pansi pa bungwe la Friedrich-Wilhelm-Murnau-Stiftung, anatsatira mitundu ya kope lakale lopakidwa utoto losungidwa ku Cinémathèque française.

Mystery of the Wax Museum ya 1933 inalakwiridwa mwanjira ina. Michael Curtiz anaijambula ndi Technicolor ya mitundu iwiri yokha, wofiira ndi wa girini, yomwe sinkatha kutulutsa buluu weniweni. Okonza DVD anaona ngati chimenechi ndi chilema, ndipo anakankhira girini uja ku buluu kuti chithunzi chifanane ndi mafilimu amakono. Koma girini wodwalitsa uja, pamodzi ndi khungu lofiirira lomwe linkachititsa anthu amoyo kufanana ndi zidole za phula, ndiye anali mphamvu ya filimuyo. UCLA Film & Television Archive ndi The Film Foundation anabwezeretsa maonekedwe akewo, ndipo Blu-ray yake inatuluka mu 2020.

Kenako panabwera zopaka mitundu mafilimu akuda ndi oyera. Night of the Living Dead ya George Romero ya 1968, yomwe aliyense ankatha kuigulitsa chifukwa chizindikiro cha umwini chinaiwalika pa makope ake, inapakidwa mitundu mu 1986 ndi Hal Roach Studios, mitembo yoyenda ija n'kusanduka yobiriwira. Mkwiyo wa opanga mafilimu pa mchitidwe umenewu ndi umene unathandiza kuti dziko la America likhazikitse lamulo la National Film Preservation Act mu 1988. Chochititsa chidwi n'chakuti lamulolo silinaletse kupaka mitundu. Linangoti filimu ya m'kaundula wa dziko ikasinthidwa motero, pachikuto pake palembedwe.

Mwini filimu akasintha maganizo

Pamenepa m'pamene nkhani imakula, chifukwa wosintha si wamalonda wosadziwa kanthu ayi.

John Badham ankafuna kuti Dracula yake ya 1979, ya Frank Langella, ikhale yakuda ndi yoyera, koma Universal inakana. Filimuyo inatuluka ndi mitundu yofunda, yagolide, yojambulidwa ndi Gilbert Taylor. Mu 1991, pokonza laserdisc, Badham anapeza mpata ndipo anachotsa pafupifupi mitundu yonse, n'kusiya chithunzi chotuwa ngati phulusa. Kuyambira pamenepo mpaka mu 2019 DVD ndi Blu-ray zonse zinkatsatira maonekedwe atsopanowa.

William Friedkin, yemwe anapanga The Exorcist, anachita zofanana ndi filimu yake ya apolisi ya The French Connection pa Blu-ray ya 2009. Mkulu wojambula, Owen Roizman, sanafunsidwe, ndipo atauona mtunduwo anaudzudzula poyera ndi mawu owawa. Mu 2012 panatuluka chimbale china chimene awiriwo anayang'anira limodzi. Ngakhale The Exorcist yomwe, chimbale chake cha 4K cha 2023 chinadzetsa madandaulo okhudza buluu wa m'chipinda chotulutsira chiwanda, koma pofika kumapeto kwa chaka chimenecho Roizman ndi Friedkin onse anali atamwalira.

Mu 2012 kampani ya Twilight Time inatulutsa makope 3,000 okha a Night of the Living Dead yojambulidwanso mu 1990, yomwe Tom Savini anatsogolera. Patangopita mphindi zochepa filimu itayamba, chithunzi chinkada n'kusanduka cha buluu, moti zigawo zodziwika kuti ndi za masana zinkaoneka ngati za madzulo. Kampaniyo inafotokoza kuti chithunzicho chinakonzedwa ndi Sony mokambirana ndi mkulu wojambula, Frank Prinzi, ndipo Savini ananena kuti chamusangalatsa. Ogula ambiri anali atalipira kale chimbale chisanatuluke, ndipo palibe anawauza za kusinthaku.

Mbali zotsutsana

Gulu lina, makamaka la osunga mafilimu m'malo a boma ndi m'mayunivesite, limati filimu ndi chikalata cha nthawi yake. Ikangoonetsedwa kwa anthu, maonekedwe amenewo ndiwo mbiri, ndipo wokonza ayenera kuwatsatira ngakhale atakhala ndi zilema. Malamulo a khalidwe a bungwe la FIAF, lomwe limagwirizanitsa nyumba zosungira mafilimu kuyambira 1938, amaletsa mamembala ake kusintha kapena kupotoza chikhalidwe cha chinthu choyambirira pochikonzanso.

Ena amati mwini luso ndiye ali ndi mawu omaliza. Ngati Badham anakakamizidwa mu 1979, bwanji asakonze zimene anamuletsa? Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma ili ndi mabowo awiri. Filimu ilibe mwini luso mmodzi, monga mmene mkangano wa Friedkin ndi Roizman unasonyezera. Ndiponso munthu amene akukumbukira ntchito ya zaka 30 kapena 40 zapitazo, ali kutsogolo kwa makina otha kuchita chilichonse, savutika kusokoneza zimene anachita ndi zimene akulakalaka akanachita. The Thing ya 1982 inatuluka ku Scream Factory mu 2016 ndi ku Arrow mu 2017. Zimbale zonse ziwiri zili ndi dzina la Cundey, ndipo chipale chofewa cha m'filimuyo sichifanana mtundu.

Gulu lachitatu ndi la oonera, lomwe limaweruza potengera zimene likukumbukira. Gululi lagwira makampani pa zolakwa zenizeni, ndipo liyenera kuyamikiridwa. Koma nthawi zambiri chimene likukumbukira ndi tepi ya VHS kapena DVD, osati kope la m'holo, pomwe matepi ankawalitsidwa dala kuti aoneke bwino pa TV zakale m'chipinda choyaka magetsi. Blu-ray ya 2007 ya Bram Stoker's Dracula ya Francis Ford Coppola itatuluka yakuda kwambiri, anthu anaiyerekeza ndi DVD n'kunena kuti yawonongedwa. Oikira kumbuyo chimbalecho, kuphatikizapo katswiri wokonza mafilimu Robert A. Harris, anati chikutsatira kope lovomerezedwa la mu labotale, ndipo DVD ija ndi imene inali yolakwika. Kenako mu 2015 Sony inatulutsa china chowalirapo.

Dracula ya Hammer ya 1958 inakumana ndi zofanana. Bungwe la British Film Institute linaikonza mu 2007, ndipo zidutswa zomwe zinadulidwa kale zitapezeka ku National Film Center ku Tokyo mu 2011, zinawonjezedwa. Blu-ray ya ku Britain ya 2013 inatuluka yozizira ndi ya buluu, pamene anthu ankadziwa Christopher Lee ali pakati pa makatani ofiira ndi makoma ofunda a mkulu wojambula Jack Asher. Oikonza anati anatsatira kope lofananizira lochokera ku zinthu zoyambirira. Otsutsa anati makope a Technicolor amene iwo anaona sanali otero. N'zotheka kuti mbali zonse zinkanena zoona za makope osiyana.

Zodziwika ndi zosadziwika

Zina sizifuna mkangano. N'zodziwika kuti negativu ilibe mitundu yomalizidwa, kuti Eastmancolor yakale imasuluka, ndiponso kuti njira iliyonse inali ndi malire ake, moti buluu woyera m'filimu ya Technicolor ya mitundu iwiri ndi bodza looneka ndi maso. Nthawi zina umboni umachokera kwa amene anagwira ntchito. Savini wakhala akunena kuti mitembo ya mu Dawn of the Dead ya 1978 anaipaka utoto wotuwa koma pa filimu inatuluka ya buluu, ndipo magazi ake owala ngati penti Romero anawakonda chifukwa ankafanana ndi zojambula za m'mabuku a makatuni. Wokonza amene angafune kuti magaziwo aoneke enieni ndiye kuti akulemba filimu ina.

Chosadziwika ndi mlingo. Suspiria ya Dario Argento ya 1977 inali imodzi mwa mafilimu omaliza kudindidwa ndi makina a Technicolor ku Rome, ndipo palibe amatsutsa kuti kufiira ndi buluu wake zinali zaukali. Koma mu 2017 panatuluka ntchito ziwiri za 4K, ina ya TLEFilms ku Germany, ina ya Synapse Films ku America yomwe mkulu wojambula Luciano Tovoli anayang'anira, ndipo zimasiyana pa khungu la anthu, pa kuyera kwa makoma ndi pa kuya kwa mdima. Palinso dandaulo la nthawi yaitali lakuti malabotale ena ali ndi dzanja lawolawo: mafilimu ambiri odutsa ku L'Immagine Ritrovata ku Bologna amati amatuluka opendekera ku chikasu, ndipo a ku Éclair ku France ku buluu wosakanizika ndi girini. Ngati mafilimu a mayiko osiyana, zaka zosiyana ndi ojambula osiyana akutuluka ndi maonekedwe amodzi, n'kovuta kukhulupirira kuti onsewo anali otero poyamba.

HDR ndi TV ya pabalaza

Zimbale za Ultra HD Blu-ray, zomwe zinayamba mu 2016, zinabweretsa mwayi ndi msampha. Zimatha kusunga mitundu yambiri kuposa Blu-ray wamba, moti kufiira kwa Technicolor komwe kale kunkaperewera tsopano kumafika. Koma kuwala kwake kumaposa kwa kanema wa m'holo kutalitali. Sikirini ya m'holo imawala pafupifupi manitsi (muyezo wa kuwala) 48, Blu-ray wamba imakonzedwa pa manitsi 100, pamene HDR, njira yowalitsira chithunzi ya zimbale zatsopanozi, imakonzedwa pa makina ofika manitsi 1,000 kapena 4,000. Kandulo ya m'nyumba ya Dracula yothobwa m'maso ndi chinthu chimene munthu wa mu 1958 sanaone. Okonza osamala amagwiritsa ntchito HDR posunga zooneka mumdima ndi m'malo owala, osati pokometsera.

Ndiyeno pali TV yomwe. Zambiri zimachoka m'sitolo zitatcheredwa kuti ziwale ndi kupendekera ku buluu, n'cholinga choti zikope maso pakati pa zinzake. Mu 2019 bungwe la UHD Alliance linalengeza Filmmaker Mode, yomwe imazimitsa zokometsera zimenezi n'kubweza kuyera pa muyezo wa D65 womwe okonza amagwiritsa ntchito. Amene akuweruza chimbale poona zithunzi zake pa foni, kapena poonera kope lopanikizidwa lomwe ladutsa m'mafulashi angapo, akuweruza zinthu zingapo nthawi imodzi, ndipo mdima ndi umene umayamba kuwonongeka fayilo ikachepetsedwa.

Zoyenera kulembedwa pachikuto

Popeza kulondola kotheratu sikutheka, chimene wogula angafune mwachilungamo ndi kufotokozeredwa. Mawu oti "yovomerezedwa ndi wotsogolera" sakwanira. Kodi wotsogolerayo anakhala m'chipinda chokonzera mitundu kwa masiku, kapena anangotumiziridwa fayilo n'kuyankha pa foni? Kodi panali kope lofananizira, la chaka chiti, losindikizidwa kuti, losuluka motani? Kodi manambala a mu labotale anapezeka? Makampani monga Criterion, Arrow ndi Second Sight amaika m'timabuku ta zimbale zawo ndime yofotokoza gwero la chithunzi ndi labotale imene inagwira ntchito, ngakhale kuti nawonso kawirikawiri amatchula makina osikanira mwatsatanetsatane kuposa umboni wa mitundu.

Mawu akuti kukonzanso ayenera kusungidwira ntchito yobwezera filimu mmene inalili. Wotsogolera akafuna maonekedwe atsopano, ndi ufulu wake, bola chimbale chinene kuti ndi atsopano, ndipo akale asabisidwe. Izi zimadya ndalama, chifukwa zimafuna kukonza mitundu kawiri ndipo nthawi zina chimbale chachiwiri, koma zachitikapo. Mu 2019 Scream Factory inatulutsa Dracula ya Badham pa zimbale ziwiri, china chotuwa monga iye amafunira, china cha mitundu ya m'holo ya Gilbert Taylor, chilichonse cholembedwa dzina lake. Panali patapita zaka 28 kuchokera pamene mitundu imeneyo inachotsedwa pa laserdisc.